Thanki ya Madzi pa Pikapu ya Malemu

Amuna anga atamwalira anandisiyira ana, dimba la kumtsinje ndi kagalimoto ka pikapu komwe ankanyamulira tomato ndi kabichi kupita nazo ku Limbe. Ine kuyendetsa sindinkadziwa. Kagalimotoko kanangokhala kuseri kwa nyumba yathu ku Likoswe, nkhuku n'kumaikira mazira pansi pake, matayala n'kumaphwa pang'onopang'ono. Anthu ankabwera kudzafunsa ngati ndikugulitsa, ine n'kumangowauza kuti ndiganize kaye.

Kenako achimwene anga aakulu anabwerako ku Joni komwe anakhalako zaka zambiri. Anatsika pa kabaza ali ndi chikwama chimodzi ndi chinthu china chachitali chokulungidwa m'masaka, chomwe ana anga ankanong'onezana kuti ndi mfuti. Ankayenda mokoka mwendo wakumanzere. Nditawafunsa anati n'kuzizira kwa kumeneko, kunawalowa m'mafupa. Ndinazisiya pomwepo.

Patapita masiku angapo ndinawapeza akuzungulira kagalimoto kaja, akugogoda matayala, akugwada movutikira kuti aone kunsi. Atadzuka anandiuza kuti akufuna kuyamba ntchito yomwe ankagwira kunjako, yotsuka magalasi a mawindo m'maofesi a m'tauni.

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. Munthu wamkulu, mwini mbumba, kuchoka ku Joni konse kuja kudzatsuka mawindo? Kwathu galasi timapukuta ndi nyuzipepala yakale Khirisimasi ikayandikira, ndipo ndi ntchito yomwe timatuma ana. Sindinkadziwa kuti pali munthu padziko amene angadye ndi ntchito imeneyo. Ndinawauza kuti ngati ndi choncho ndowa ndili nayo, nsanza zilipo zambiri, galimoto ikulowapo bwanji?

Anamasula masaka aja n'kutulutsa ndodo yakuda yopepuka, yolowana yokhayokha. Anayamba kuisolola, ndodoyo n'kumatalika, kutalikabe, mpaka nsonga yake inapitirira mtengo wa mapeyala wa pakhomo. Kunsongako kunali burashi, ndipo m'kati mwa ndodo munadutsa kapaipi kakang'ono. Anandifotokozera kuti madzi amachokera m'thanki yomwe imakhala pagalimoto, pampu n'kuwakankha kukwera m'kapaipiko mpaka kuburashi, munthu ali chiimire pansi. Sopo sagwiritsa ntchito. Nsalu yopukutira palibe. Nkhani yonse ili pa madziwo: amayenera kusefedwa mpaka musatsale kalikonse, kuti akauma okha pagalasi asasiye banga.

"Galimoto ndi yanu, achemwali," anatero. "Chomwe tiikepo tikasankhe tonse, musadzanene kuti ndinakuonongerani."

Anandiuza kuti nditunge madzi a pamjigo wathu m'botolo, tipite nawo.

Tinakwera minibasi pamphambano ya ku Nguludi m'mawa wina wa mwezi wa fumbi, mpaka ku Limbe. Sitolo yomwe anthu anawalozera inali m'kanjira ka kuseri, yodzaza mapampu a m'zitsime, mapaipi ndi mabotolo abuluu a zosefera madzi. Mwini wake anali bambo wonenepa, wolankhula mofatsa, magalasi a maso ali pamphumi. Achimwene atafotokoza chomwe akufuna, bamboyo anatulutsa m'thumba kachipangizo konga cholembera. Anayamba wakaviika m'kapu ya madzi ake osefedwa, n'kutionetsa. Panalembedwa ziro. Kenako anathira madzi athu m'kapu ina, n'kuviikamo. Manambala anathamanga, n'kukaima patali. Bamboyo anaimba kamluzu.

Anati madzi athuwo ndi olemera, ali ndi mchere wa m'miyala womwe maso saona, ndipo pagalasi angasiye mabanga oyera ngati phulusa.

Madzi amenewo ndi omwe ndinalerera ana anga. Amayi athu amwa omwewo kuyambira tsiku lomwe mjigo unakumbidwa, ndipo tinavina tsiku limenelo chifukwa tinali titasiya kumwa a mumtsinje. Alendo akabwera timawapatsa m'kapu yagalasi monyadira kuti athu ndi oyera. Lero munthu akundiuza kuti sayenera ngakhale kutsukira windo. Ndinafunsa ngati tinkamwa poizoni zaka zonsezi. Bamboyo anaseka pang'ono, anati ayi mayi, mimba imawalandira bwinobwino, imwanibe. Galasi ndi lomwe limasankha. Koma mpaka madzulo a tsikulo botolo lija ndinkaliyang'ana ngati mnzanga amene wandinamiza.

Makina analipo a mitundu iwiri. Oyamba anali chibotolo chimodzi chachitali ngati cha gasi, m'kati mwake modzaza timikanda tachikasu tonga mazira a nsomba. Madzi akadutsamo, timikandato timagwira mchere wonse, n'kutuluka oyera. Anali osavuta, osalemera, osafuna magetsi. Ine ndinati basi ndi amenewa, tinyamule tizipita. Koma bamboyo anapukusa mutu. Anati timikandato timatopa, ndipo ndi madzi olemera ngati athuwa tingatope msangamsanga. Tikatopa n'kutaya, kugula tina, ndipo timachokera kunja, mwezi wina timasowa m'tauni monse. Achimwene anavomereza kuti kumene ankagwira ntchito abwana awo ankadandaula zomwezo.

Achiwiri anali makina a mapaipi ambiri omangidwa pafelemu yachitsulo, okhala ndi pampu yakeyake yokankha madzi kudutsa m'sefa yothina kwambiri. Amenewa ndiwo amatha madzi ngati athu, timikanda n'kungomalizitsa pang'ono kumapeto. Bamboyo anati tiyeni kuseri mukaone akugwira ntchito.

Kuseriko anatsegula mpopi n'kuyatsa pampu. Panali mapaipi awiri otulutsa madzi. Imodzi inkadontha kamtsinje kakang'ono kolowa m'chigubu. Inayo inkathira madzi ambiri, oyera mbee, molunjika mu ngalande ya zinyalala. Ndinadikira kuti wina athamange kukatseka, poganiza kuti paphulika. Palibe anasuntha. Ndinafunsa kuti kodi simukuona madzi akutayika? Bamboyo anati ndi mmene amagwirira ntchito makinawo: mchere womwe achotsa uku amaukankhira uko, ndiye madzi otayawo nthawi zambiri amachuluka kuposa osungidwa.

Sindikudziwa kuti ndinaganiza chiyani. Ndinangozindikira ndanyamula beseni lomwe linali pakhoma n'kulitchera kupaipi ija. Linadzaza ndili chiyang'anire, n'kuyamba kusefukira pamapazi anga. Ndinaima pamenepo ndi beseni la eni ake m'manja, osadziwa kolipititsa. Mwezi womwewo kwathu azimayi tinkaika ndowa pamzere kusanache, mjigo ukutulutsa madzi ngati ukulira, ndipo anthu awiri anali atamenyanapo chifukwa cha malo pamzerewo.

Tinatuluka m'sitolomo osagula kanthu. Tinakhala pakhonde la sitolo ina yotseka pafupi ndi depoti, achimwene atagula chimanga chootcha chomwe ine ndinakana. Ndinawauza zonse zomwe zinali kumtima. Ndinati zinthu zimenezi n'za kwa azungu komwe madzi amangotuluka m'khoma. Kuno anthu angatiotche ndi galimoto yomwe atamva kuti tikutaya madzi kuti galasi liwale. Ndinati gulani makwerero, tengani ndowa ndi sopo ngati anzanu onse, galimoto izingokunyamulirani katundu.

Achimwene anayang'ana chimanga chawo. Kenako anati:

"Makwerero sindidzakweranso mpaka kufa, achemwali. Mwendowu si kuzizira ayi."

Anandiuza kuti asanapeze abwana a ndodo aja, ankagwira kwa munthu wina wa makwerero ndi ndowa. Tsiku lina kunja kukuomba mphepo anali pamwamba, pawindo la nyumba yosanja, makwerero n'kutsetsereka. Anagwera pa simenti. Anatsitsimuka ali m'chipatala, fupa la m'chiuno litasweka, madokotala ataikamo zitsulo. Anagona miyezi, kenako anayenda ndi ndodo miyezi ina, akugona m'kachipinda ka mnzawo wa ku Mulanje amene ankawatengera ndi kuchimbudzi komwe. Foni anagulitsa. Anakweza malaya pang'ono pomwepo pakhondepo, anthu akudutsa, n'kutsitsa lamba kuti ndione. Chipsera chinali chachitali, chotupa, chokhala ndi timabowo m'mbali ngati msoko wa thumba la feteleza.

Ndinagwira pakamwa. Chaka chimene ankanenacho ndinkachikumbukira bwino. Ndi chaka chomwe anasiya kuimba foni, ife kuno n'kugamula kuti atchona, apeza mkazi wa kumeneko. Amayi anayamba ndi kupempha amayi a mumpingo kuti awapempherere, kenako anapsa mtima, n'kumawatukwana m'Chilomwe akamasenda nandolo, kuti mwana wotere bola akanabereka mtondo. Maliro a amuna anga anachitika chaka chomwecho, ndipo ine ndinasunga chakukhosi kuti mlongo wanga sanatumize ngakhale mawu. Nthawi yonseyo munthu anali chigonere, osatha kutembenuka yekha.

Ndinafunsa chifukwa chomwe sanatiuzire. Anangoti mukanatani muli kuno, kupatula kulira?

Chimanga chija ndinalandira, ndinadya. Tinabwerera kusitolo kuja.

Ulendo wachiwiriwu ndi ine amene ndinafunsa mafunso ambiri. Ndinafunsa ngati madzi otayawo angaphe mbewu. Bamboyo anati nthochi ndi nzimbe sizingadandaule, bola osathirira mbewu zanthete tsiku ndi tsiku. Pamenepo ndinaganiza za chitsime cha kudimba kwanga, chomwe amuna anga anakumba chakuya ndipo sichiphwa. Makina akanakhala kumeneko, kutali ndi mjigo wa anthu, paipi yotaya ija n'kuilozetsa kunthochi. Tinagwirizana kuti titenga makina a sefa yothinawo, ndi kabotolo kakang'ono ka timikanda komalizira. Achimwene ankafuna kuti zonse zimangidwe pagalimoto monga ankachitira ku Joni, koma bamboyo anafunsa kukula kwa pikapu yathu, ndipo atamva anati ayi, kameneko musakasenzetse zambiri. Makina atsale pansi, pagalimoto pakhale thanki, pampu yaing'ono, batire ndi chokulungira paipi basi. Thanki yaikulu yomwe achimwene anaikonda anawaletsanso. Anati madzi ndi katundu wolemera kuposa mmene amaonekera, masipuling'i angathyoke, mabuleki angakane.

Anatiuzanso kuti thanki yoyenera galimoto imakhala yafulati, yokhala ndi zipupa m'kati zoletsa madzi kukhavukira uku ndi uku, ndipo imamangidwa ndi mabauti kuchitsulo cha galimoto. Yoteroyo inali itatha. Anati tidikire, ibwera ndi katundu wina.

Kudikirako n'komwe kunavuta. Makaniko wa ku Nguludi anadzutsa kagalimoto kaja, makina anayamba kugwira ntchito kudimba, ndipo kachipangizo konga cholembera komwe tinagula kanaonetsa ziro pa madzi osefedwa a chitsime changa. Achimwene anali atalonjezedwa kale ntchito yoyamba panyumba ina ya maofesi ku Limbe, ndipo ankaopa kuti akachedwa eni ake asintha maganizo. Thanki inali isanabwere. Anabwereka yozungulira, yoimirira, kwa munthu wina wa ku Mbombwe amene ankasungiramo madzi oumbira njerwa. Anaitsuka bwinobwino, n'kuimanga ndi zingwe zamphamvu kumbuyo kwa pikapu. Pokumbukira mawu a kulemera aja, anathiramo madzi theka lokha, poganiza kuti akupeputsa katundu. Ine ndinaona kuti ndi nzeru. Ndinavala chitenje chatsopano n'kukhala kutsogolo.

Tisanafike patali ndinayamba kumva galimoto ikuyenda mwachilendo. Tikakhota, inkakhala ngati wina wamphamvu akuikankha cham'mbali. Tikaima, inkagwedezeka kutsogolo ndi kumbuyo yokha. Kumbuyoko kunkamveka phokoso ngati ng'ombe ikudzigwetsa m'khola. Achimwene anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri.

Pamtsetse wina tisanalowe mumsewu wa tala, wa kabaza amene ananyamula mayi ndi mtolo wa nzimbe anatulukira mwadzidzidzi kuchokera m'kanjira. Achimwene anaponda buleki. Galimoto inaima kamphindi, kenako madzi onse aja anabwera kutsogolo nthawi imodzi. Ndinamva chingwe chikuduka, kenako chiphokoso kumbuyo kwa mutu wanga, magalasi n'kutiwazikira m'khosi. Galimoto inakankhidwa, inatsetsereka cham'mbali, n'kukagwera m'ngalande, mphuno yake m'munda wa chinangwa wa eni ake. Thanki inali itaswa galasi lakumbuyo, yapendekeka, madzi akukhuthukira m'kati momwe tinakhala.

Ndinkamva madzi ozizira akutsika kumsana kwanga ndipo ndinkaganiza kuti ndi magazi. Ndinkaopa kutembenuka. Achimwene ndi amene anayamba kundigwira paphewa, akufunsa mobwereza ngati ndili moyo, nkhope yawo itatuwa ngati ya munthu wodwala. Wa kabaza uja anali ataima patsidya, osakhudzidwa n'komwe, mayi uja akadali chikhalire ndi nzimbe zake pamiyendo, kukamwa kuli yasa.

Anthu anathamangira kudzatitulutsa. Ine ndinangochekeka pang'ono pakhutu, achimwene pachigongono. Azimayi a nyumba zapafupi ataona madzi oyera akutayika kuchokera m'thanki, anabwera ndi ndowa ndi mapoto kudzatchera. Mmodzi anamwa m'chikhatho, n'kulavula. Anati madzi anji awa osamveka kukoma kulikonse, ngati ukumwa mphepo. Wina anafunsa ngati ndi a kuchipatala. Achimwene, ali chikhalire m'mphepete mwa ngalande atagwira chiuno, anayankha kuti ndi otsukira mawindo. Anthu anayang'anana. Ndinaona m'maso mwawo kuti akuganiza kuti mutu wagunda penapake.

Anyamata anakankha galimoto kuitulutsa. Mwini munda tinamupepesa. Titamuimbira foni bambo wa kusitolo uja, anati thanki yosadzaza ndi yoopsa kuposa yodzaza, chifukwa madzi amapeza malo othamangira. Anati tithokoze Mulungu kuti sinatidutse pamutu.

Madzulo ake ndinawauza amayi zonse, za ngoziyo ndi za chipsera chomwe. Achimwene sanafune, koma ine ndinali nditatopa ndi zobisa. Amayi anamvetsera osaphethira. Nditatha anadzuka, analowa m'nyumba mwawo, ndipo tinawamva akulira motsitsa ngati mmene amalirira pamaliro a munthu wakutali. M'mawa anabwera ndi mafuta otentha m'kambale, anauza mwana wawo wa imvi kumutuyo kuti agone pamphasa, n'kuyamba kumuthowa m'chiuno. Sanapepese ndi mawu, ndipo achimwene sanayembekezere.

Thanki yeniyeni itabwera sitinachitenso zachidule. Tinapita nayo kwa wowotcherera zitsulo amene anapanga felemu, n'kuboola pansi pa pikapu, kumanga ndi mabauti onenepa ngati chala chamanthu. Anaikanso chitsulo chopingasa kuseri kwa mipando yathu. Ine ndinakakamira kuti tiyese kaye pabwalo la mpira, thanki ili theka, achimwene aponde buleki mwamphamvu ine nditaima patali. Galimoto inaima n'kukhala phee. Ndinawauza abwereze kangapo ndisanavomere kukweramo.

Ngozi ija inasiya vuto lina. Chiuno cha achimwene chinayamba kuwawa akaponda kilatchi nthawi yaitali, moti pofika ku Limbe ankatsika akutsimphina, ntchito isanayambe. Tsiku lina pobwerera anaimitsa galimoto pamalo athyathyathya, anatsika, n'kuzungulira kubwera kukhomo langa. Anati sunthirani uko kuchiwongolero. Ndinakana, ndinati ndakalamba, anthu andiseka. Anangoima pomwepo padzuwa mpaka ndinasuntha. Ndinaphunzira movutika, galimoto ikuzima, ikudumpha ngati chule, ana a sukulu akuithamangira m'mbuyo akukuwa. Patapita miyezi ndinakatenga laisensi, ndipo kuyambira pamenepo woyendetsa ndine.

Ntchito ya panyumba ya maofesi ija sinatithawe, eni ake anadikira. Tsiku lomwe tinapitako koyamba, mlonda wa pageti anaima pambali pathu manja ali kumbuyo, akuonerera ndodo ikukwera mpaka kunsanja yachitatu. Ine ndinkamasula paipi ndi kuyang'anira pampu. Achimwene ankayendetsa burashi m'mwamba ndi m'munsi, kenako n'kutsukuluza, n'kupita pawindo lina, kusiya loyambalo likudontha. Mlondayo sanapirire. Anati bambo, mukusiya chonchi osapukuta, abwana akaona andikalipira ine. Achimwene anamuuza kuti adikire dzuwa ligwire ntchito yake. Ngakhale ine mtima unali m'mwamba, chifukwa ndinali ndisanaonepo ndi maso anga. Mawindowo atauma, mlonda uja anabwerera m'mbuyo mpaka pamsewu, akuyang'ana m'mwamba. Mawindowo ankaoneka ngati mulibe magalasi, ngati wina wawachotsa.

Tili pakati pa mbali yachiwiri ya nyumbayo, tinamva kukuwa kuchokera m'mwamba, kenako mapazi akutsika masitepe mothamanga. Panatulukira mayi wina wovala suti, nsapato imodzi ili m'manja, akupuma mwabefu. Anali mlembi wa mu ofesi ya pamwamba penipeni, ndipo palibe amene anamuuza kuti kubwera otsuka. Anati anali yekha akutaipa, atangodzutsa mutu anaona chinthu chaubweya chikukwawa pagalasi kunja, chikulavula madzi, popanda munthu, popanda makwerero, pamalo pomwe ngakhale mphaka safika. Anagwetsa tiyi pamapepala n'kuthawa akutchula dzina la Yesu.

Ataona ndodo, paipi ndi ife awiri tili chiimire pansi, anakhala pasitepe n'kuyamba kuseka mpaka misozi. Mlonda nayenso anaseka. Atapuma anavala nsapato yake, anabwera pafupi, n'kupempha kuti aigwireko. Achimwene anamupatsa, ine n'kutsegula pampu. Anaikweza mwamantha, ndodo ikugwedera, madzi akumudonthera pasuti, mpaka burashi inakafika pawindo lake lomwe. Analitsuka yekha lonse, kenako anafunsa ngati Loweruka tingapite kunyumba ya achemwali ake ku Bangwe.